CIBVOMEZI CA KU NEPAL NDI KUMANGANSO MIDZI YA M'MAPIRI

 Nkhani yathu ya lero icokera kutali, ku dziko la mapiri lochedwa Nepal, kumene cibvomezi cacikulu cinagwetsa midzi m'caka ca 2015. Ambiri anamva za tsiku limene dziko linagwedezeka, pakuti mbiri ya tsoka siicedwa panjira. Koma za zaka zimene zinatsatapo, pamene anthu anali kutola miyala ndi kuimikanso makoma, zinamveka pang'ono cabe. Zimenezo ndizo ndifuna kuti tikambirane, cifukwa muli nzeru yothandiza munthu ali yense amene ali kusunga ndalama kuti akamange nyumba kwao.

Dziko la mapiri

Dziko la Nepal liri pakati pa maiko awiri akulu, India kumwera ndi China kumpoto. Monga Zambia, liribe gombe la nyanja yamcere, ndipo katundu wace wambiri adzera m'dziko la eni. Kukula kwace, Zambia aliposa kasanu. Koma anthu ace ngocuruka koposa athu, pakuti pa kalembera wa 2021 anapezeka okwana mamiliyoni 29. Mzinda wace waukulu ndi Kathmandu. Kumpoto kwa dzikolo kwandandalika mapiri a Himalaya, ndipo mwa mapiri khumi atali koposa pa dziko lonse lapansi, asanu ndi atatu ali m'Nepal kapena pa malire ace. Lina la iwo ndi Everest, lotalika mapazi oposa 29,000, limene Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay anafika pansonga pace mu 1953. Makolo athu amene anapita ku nkhondo ya ku Burma anabwerako ndi mbiri ya asilikali olimba mtima ochedwa Gurkha. Kwao kwa asilikali aja nkumeneku, ndipo dzina lao licokera ku cigawo ca Gorkha, kumene cibvomezi ca 2015 cinayambira.

Anthu ambiri a dzikolo ndi alimi. Midzi yao yamangidwa m'mbali mwa mapiri otsetsereka, ndipo minda yao ya mpunga, cimanga ndi mawere aikumba yosanjikizana ngati makwerero. Ku midzi yambiri mseu sufika. Mcere, malata, thumba la simenti, zonse zikwera phiri pamsana pa munthu kapena pa nyuru, ulendo wa tsiku lathunthu, mwina masiku awiri kapena atatu. Musunge mau awa, pakuti tidzawafunanso patsogolo.

Cimene cigwedeza dziko

Anthu ophunzira za miyala atiuza kuti nthaka imene tipondapoyi siiri cinthu cimodzi cogwirana iai, koma zipande zazikulu za thanthwe, zimene ziyenda pang'onopang'ono. Cipande cimene panakhala dziko la India ciri kusendera kumpoto pafupifupi mainchi awiri caka ndi caka, nicilowa kunsi kwa cipande ca Asia. Kukankhana kumeneku ndiko kunatukula mapiri a Himalaya, ndipo kufikira lero sikunaleke. Koma matanthwe satsetsereka mosabvuta. Agwirana nakanirira zaka makumi kapena mazana, mphamvu iri kuunjikana, monga mtengo wa msampha umene wapindidwa: ukhala cete masiku ambiri, koma tsiku lofwamphuka ufwamphuka kamodzi. Kufwamphuka kwa matanthweko ndico cibvomezi.

Inu a pansi pa mgodi mudziwa kuti mwala umalankhula. Musanayambe nchito mugogoda denga ndi citsulo, ndipo likalira ngati ng'oma mudziwa kuti pamenepo sipoima munthu. Cibvomezi ciribe cenjezo lotere. Akatswiri akhoza kuloza dera kumene cidzafika, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anganene tsiku kapena caka cace.

Anthu a ku Nepal sanali alendo pa zimenezi. Pa 15 January 1934 cibvomezi coopsa cinapha anthu oposa 8,000 m'dzikolo, ndi enanso ambiri ku Bihar, tsidya la India. Mu 1988 cina cinagwedeza kum'mawa kwa dziko, ndipo pambuyo pace, mu 1994, analemba malamulo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Koma lamulo lolembedwa pa pepala siliimika khoma. M'matauni analitsata ena, nalinyalanyaza ena. Kumidzi ya m'mapiri ambiri sanamve nkomwe kuti liripo.

Tsiku la Loweruka

Pa 25 April 2015, tsiku la Loweruka, kutangotsala mphindi zinai kuti ikwane 12 koloko masana, matanthwe anamasuka pansi pa mudzi wa Barpak m'cigawo ca Gorkha, mtunda wa mailosi 50 kucokera ku Kathmandu. Pa muyeso umene akatswiri ayesera zibvomezi cinafika 7.8. Kugwedezeka kwakukulu kunakhala ngati mphindi imodzi yokha, koma m'mphindi imeneyo nchito ya mibadwo inasanduka milu ya miyala. Anthu pafupifupi 9,000 anafa, oposa 22,000 anabvulala, ndipo nyumba zoposa 500,000 zinagwa. M'cigawo cimodzi cokha, ca Sindhupalchok, munafa anthu oposa 3,000. Mudzi wa Langtang unakwiririka wonse pamene cipale ndi miyala zinagumuka kucokera pamwamba pa phiri. Mu Kathmandu munagwa akacisi akale, ndiponso nsanja yaitali ya Dharahara, yomangidwa mu 1832, imene inagwa anthu ali m'kati mwace. Anthu asanapume, pa 12 May, cinabweranso cina ca 7.3, nicigwetsa makoma amene coyamba cija cinasiya ong'ambika.

Pa tsoka lonseli panali mwai umodzi. Ku Nepal tsiku lopumula ndi Loweruka, kotero kuti masukulu anali otseka. Ndipo popeza unali usana, alimi ambiri anali panja ndi kuminda. Zipinda zophunziriramo zoposa 25,000 zinagwa mopanda ana. Cikadafika pa tsiku la sukulu, kapena pakati pa usiku anthu ali m'tulo, maliro akadacuruka kotani, yense angaganize yekha.

Tsono tifunse: cinapha anthuwa nciani? Kupatula iwo amene anakwiririka ndi mapiri ogumuka, ambiri anafa ndi nyumba zao zomwe. Munthu amene anali pabwalo anangogwa pansi, nadzukanso. Amene anali m'nyumba, khoma ndi denga zinamgwera.

Nyumba za kumidziko zinali za miyala yomangidwa ndi matope, zosanja kawiri kapena katatu, zina zofoleredwa ndi miyala yopyapyala yolemera kwambiri. Pozipenya zinali zokongola, makoma ace ocindikala, ooneka ngati sangasunthike. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Khoma lotere liri ngati makoma awiri oimirira mogundana misana: mzere wa miyala kunja, mzere wina m'kati, ndi pakati pao timiyala ndi dothi. Palibe cogwirizanitsa mbali ziwirizo, ndipo pangodya palibe comanga khoma ili ndi linzace. Nyumba yotere isenza bwino katundu woitsikira kucokera kumwamba. Koma cibvomezi cikankha cammbali, uku ndi uku. Pamenepo khoma lisenda pakati, ngodya zitseguka, ndipo denga lolemera lija litsikira pa eni ace.

Mu Kathmandu, mzinda womangidwa pa dothi lofewa pamene kale lomwe panali nyanja, nyumba zambiri za simenti ndi zitsulo zinapulumuka. Koma zina zinagwa, makamaka zimene eni ace anaonjezera zipinda pamwamba, nyumba pa nyumba, pofuna ndalama za lendi, mizati iri yomwe ija yaing'ono ya poyamba. Panalinso masukulu ena amene akatswiri anali atawalimbitsa zaka za m'mbuyo: amenewo anaima, ndipo anthu anathawiramo.

Zaka za kudikira

Masiku oyamba maiko ambiri anatumiza cithandizo, koma njira inali yopapatiza. Pa nthawi imeneyo dziko lonse linali ndi bwalo limodzi lokha lolandira ndege zazikulu zocokera kunja. Miseu ya m'mapiri inatsekeka ndi zigumukire. Cotero m'midzi yambiri amene anafukula anzao m'mabwinja anali anansi ao, ndi manja ndi makasu. M'mwezi wa June mvula yao yaikulu inayamba, niipeza mabanja ali m'mahema ndi m'tizisakasa ta malata. Boma linapatsa banja liri lonse marupi 15,000 a pogona pongoyembekezera. Rupi ndiyo ndalama ya kumeneko.

Powerengera anapeza kuti zoonongeka zonse zinafika madola mamiliyoni 7,000, ndiko kuti limodzi la magawo atatu a cuma cimene dzikolo lipanga pa caka. Pa msonkhano wa mu June 2015 ku Kathmandu, maiko ndi mabanki akulu analonjeza madola oposa mamiliyoni 4,000. Koma lonjezo silifolera nyumba. Atsogoleri a ndale anali otanganidwa ndi kulemba malamulo atsopano oyendetsera dziko, ndipo mkangano umene unabuka pa malamulowo unatseketsa njira za pa malire a India kuyambira September 2015 kufikira February 2016. Petulo, mankhwala ndi zomangira zinasowa. Bungwe loyang'anira nchito yomanganso, lochedwa National Reconstruction Authority, linakhazikitsidwa mu December 2015, patapita miyezi isanu ndi itatu. Nyengo yozizira ya m'mapiri inapeza nkhalamba ndi makanda ali m'malata, ndipo ambiri anakhalamo caka caciwiri, ena cacitatu.

Njira imene anasankha

Pamene nchito inayamba, boma silinamangire anthu nyumba. Linati mwini nyumba amange yekha, pa malo ace, ndi amisiri a kwao, ndipo boma limthandize ndi marupi 300,000, ndiwo madola ngati 3,000. Ndalamazo sizinaperekedwe nthawi imodzi. Marupi 50,000 analandira posaina pangano. Akamanga maziko, injiniya wa boma anali kubwera kudzaona, ndipo akabvomereza panatuluka 150,000. Makoma akafika pa denga anali kubweranso, ndipo pamenepo panatuluka 100,000 otsala. Womanga mwa cikale, wosatsata malangizo, gawo lotsatira sanalione.

Malangizowo sanali acilendo kapena odula kopambana. Anati zipinda zikhale zazing'ono, ndi nyumba isatalike. Makomo ndi mazenera asakule, ndipo asayandikire pangodya. M'khoma la miyala muikidwe, apa ndi apo, miyala yaitali yopingasa, yogwira mbali ya kunja ndi ya m'kati pamodzi. Denga likhale lopepuka, lomangiriridwa ndithu ku khoma. Ndipo copambana zonse, nyumba ibvale malamba: lamba wa thabwa, kapena wa simenti ndi zitsulo, wozungulira nyumba yonse osaduka, wina pamwamba pa maziko, wina kunsi kwa mazenera, wina pamwamba pa makomo, wina pamene pakhala denga.

Nzeru imeneyi ife siticita kuiphunzira kwa alendo. Makolo athu pomanga nyumba ya mitengo sanali kungozika nsici ndi kumata dothi. Anali kuzunguliza mbariro, mizere mizere, nazimanga ndi luzi, kuti nyumba yonse ikhale thupi limodzi. Mtolo wa nkhuni womangidwa bwino ukagwa pamutu ugwa wathunthu, koma wosamanga umwazika. Lamba wa nyumba agwira nchito yomweyo: khoma ling'ambike, koma lisamwazike, kuti a m'nyumba apeze nthawi yotulukira.

Amuna ali kutali

Apa pali mbali imene ikhudza inu a kumigodi koposa onse. Anyamata ndi amuna ambiri a ku Nepal sakhala kwao. Agwira nchito ku India, ku Malaysia, ku Qatar, ku Saudi Arabia ndi maiko ena, natumiza ndalama kumudzi; ndipo ndalama zotumizidwazo zikwana ngati limodzi la magawo anai a cuma ca dziko lonse. Pamene nyumba zinagwa, m'midzi yambiri munali akazi, ana ndi okalamba. Ndalama ya mwamuna wa kutali inagula malata ndi simenti, koma ndalama siinyamula mwala. Amisiri anasowa, ndipo mtengo wao unakwera.

Cifukwa cace boma ndi mabungwe othandiza anayamba kuphunzitsa amisiri zikwi zambiri. Amene anali odziwa kale kumanga anaphunzira masiku asanu ndi awiri za malamba ndi ngodya. Atsopano anaphunzira masiku 50, ali kumanga nyumba yeniyeni. Pakati pao panali akazi ambiri, amene kale nchito yao pa cimango inali kutuuta miyala ndi madzi basi. M'midzi ina mabanja anagwirizana monga ticitira pa dima: lero onse pa nyumba ya uyu, ikatha onse pa nyumba ya uyo. Kunena zoona, mutu umodzi susenza denga.

Koma tisabise zobvuta. Marupi 300,000 sanakwane kumanga nyumba yonse, makamaka kumidzi yopanda mseu, kumene thumba la simenti lifika mtengo wace utakwera ndi malipiro a wonyamula. Ambiri anakongola ndalama za kaloba, zimene ena azicha katapila, ndipo nyumba inatha koma ngongole inatsala. Ena, poopa kuti nthawi yolandirira ndalama ingawathere, anamanga kanyumba ka cipinda cimodzi, kolimba ndithu koma kosakwana banja, kopanda posungira dzinthu. Ndipo ena a iwo anabwerera kukagona m'nyumba yakale yong'ambika. Ndalama zinali kudzera ku banki, ndipo banki inali kutali. Zinafunanso makalata a malo: osauka okhala pa malo a eni, ndi akazi amene makalata anali m'dzina la mwamuna wa kunja, anacedwa kuthandizidwa koposa anzao. Motero amene anali ofooka cibvomezi cisanafike ndiwo anatsalira m'mbuyo pomanganso.

Ngakhale ziri tero, nchito inacitika. Pamene bungwe lija linatseka nchito yace mu December 2021, nyumba zoposa 600,000 zinali zitamangidwanso, pamodzi ndi masukulu zikwi zingapo ndi zipatala zambiri. Ndipo nsanja yatsopano ya Dharahara inaimanso pambali pa citsa ca yakale ija. Cuma cina cimene cinatsala m'midzi sicioneka ndi maso: ndico amisiri odziwa kumanga nyumba ya malamba.

Ngozi siinathe

Koma nzeruyo inafika makamaka m'zigawo zimene zinagwedezeka mu 2015. Kumadzulo kwa dziko nyumba zinatsala za cikale. Usiku wa pa 3 November 2023 cibvomezi cinagwedeza cigawo ca Jajarkot. Cinali cacing'ono kwambiri pociyerekeza ndi ca 2015, komabe cinapha anthu oposa 150, cifukwa cinawapeza ali m'tulo m'nyumba za miyala ndi matope. Ndipo akatswiri acenjeza kuti kumadzulo komweko sikunacitike cibvomezi cacikulu ceniceni kuyambira caka ca 1505. Msampha wa kumeneko ngwopindidwa zaka zoposa 500, ndipo sunafwamphuke.

Pamenepa ndipo pagona phunziro lalikulu la Nepal. Kumanganso pambuyo pa tsoka kudya zaka, cuma ndi misozi. Kumanga bwino tsoka lisanafike kufuna matabwa owerengeka, zitsulo zowerengeka, ndi mmisiri wodziwa.

Nanga ife kuno?

Wina anganene kuti izi nza anthu a ku Himalaya. Nzoona kuti kwathu kuno zibvomezi sizifika ukali wa kumeneko kawirikawiri. Koma nyanja ya Malawi ndi nyanja ya Tanganyika ziri m'mng'alu waukulu umene matanthwe a Afrika ali kutayana pang'onopang'ono, ndipo cigwa ca Luangwa ndi nyanja ya Mweru ziri pa nthambi za mng'alu womwewo. Mu March 1989 cibvomezi cinagwetsa nyumba ku Salima, ndipo mu December 2009 zibvomezi zotsatana zinasiya mabanja ambiri a ku Karonga ali panja. Kumenekonso zimene zinaonongeka kwambiri zinali nyumba za njerwa zomangidwa popanda cozimanga pamodzi.

Tsono inu amene mutuma ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi kuti akumangireni nyumba ya njerwa, musafunse za utoto ndi kukula kwa mazenera kokha. Lembani kalata mufunse mmisiri ngati njerwa za pangodya zalumana bwino. Mufunse ngati pamwamba pa makomo ndi mazenera pazungulira lamba wa simenti ndi zitsulo, wosaduka. Mufunse ngati mitengo ya denga yamangiriridwa ku khoma ndi waya, osati kungotsamiritsa ndi miyala pamwamba pa malata. Musamange m'tsinde mwa phiri logumuka kapena pa dothi lothira. Ndipo inu a m'tauni, musasanjike cipinda pamwamba pa nyumba imene maziko ace sanakonzedwere katundu wotere. Nyumba yomangidwa motere ipirira cibvomezi, ipiriranso mphepo ya mkuntho ndi mvula ya masiku ambiri, zimene zitifikira caka ndi caka.

Pansi pa mgodi palibe munthu wanzeru amene adikira kuti denga ligwe ndipo pambuyo pace aimike mtengo wocirikiza. Ticite comweco ndi nyumba zogonamo ana athu. Akulu anati, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.